Ndevu za Apongozi

Lolemba, 4 Marichi
Anduna abwera pa helikopita. Fumbi lonse m'mandazi a amayi a pamsika. Alankhulira pabwalo la sukulu, chala m'mwamba, asilikali mpanda kumbuyo. "Mashababu, zigawenga zija, ndi nsikidzi, tiziwotcha pamodzi ndi mphasa! Timawadziwa ndi ndevu zawo!" Anthu m'manja phuphuphu. Nanenso ndaomba, ndikanatani? Ola lisanathe ngwaziyo ili m'mitambo, ulendo wa ku mzinda wa Pemba. Mphasa yoti aiwotcheyo ndi ife.

Lachitatu, 6 Marichi
Chiyambire ntchito yometa sindinaonepo mzere wotere. Ndevu mbwee pansi. Malezala atha dzuwa lili paliwombo. Ngakhale Bacar, uja ankalalikira pakhomo la mzikiti kuti lezala ndi la akafiri, wakhala pampando wanga. "Chotsa zonse, Abudo, pasalale ngati tako la khanda." Chikhulupiriro chake ndachisesa ndi tsache.

Lachisanu, 8 Marichi
Apongozi anga, a Sualehe, akana kumeta. Mkazi wanga Muanacha wawagwadira, misozi chuchuchu. Iwo ayi ndithu. "Ndevu izi n'zakale kuposa nduna yanuyo, mkamwini. Ine ndimagwira singano, osati mfuti." Telala wokalamba, diso limodzi lakufa. Ndati chipolopolo sichifunsa zaka. Angoseka.

Lachiwiri, 12 Marichi
Apongozi awatengera pamakina, thalauza la mwini likadali pansi pa singano. Amuna asanu ndi anayi m'galimoto ya asilikali. Wolozera nyumba? Bacar, chibwano chili see. Ntchito ya manja anga.

Lachinayi, 14 Marichi
Pawailesi akuti zigawenga zoopsa zisanu ndi zinayi zagwidwa. Anduna akuti msana wa mashababu wathyoka. Msana wothyoka umene ndikuudziwa ine ndi umodzi, wopindika kale ndi makina osokera. Muanacha wapita ku kampu ndi chinangwa ndi nsomba. Chakudya alandira, mwaulemu ndithu. Bambo ake sanawaone.

Lamlungu, 24 Marichi
Apongozi abwerako dzulo, wapansi. Zala ziwiri za kumanja zothyoka. Ndevu anawameta ndi mpeni, tsaya limodzi lokha, kuti anthu aseke. Akhala pampando wanga osandiyang'ana. "Malizitsa, mkamwini." Ndinatenga lezala. Mlamu wanga Nuro, mwana wawo wotsiriza, anaima pakhomo mpaka ndinamaliza.

Lachitatu, 27 Marichi
Nuro kulibe. Watenga chikwanje ndi nsapato. Munthu wothawa magazi a nkhuku! Mashababu anamunyengerera zaka ziwiri, anakanika. Anduna masabata atatu basi.

Lachiwiri, 9 Epulo
Anduna pawailesi kachiwiri: chigawo chonse chili pamtendere, amene akuthawa ndi amantha. Akulankhula ali ku likulu, mawu onona ngati adya kumene.

Lachinayi, 11 Epulo
Mayi wogulitsa makala wandinong'oneza uthenga wa Nuro. "Alamu, Lachisanu lisakupezeni m'tauni. Tengani achemwali ndi bambo." Mawa limeneli.
Ndikauze asilikali? Afunsa kuti ndadziwa bwanji, kenako galimoto pakhomo pa Muanacha. Malo atatu pa lole ya m'mawa ndapeza. Anansi ndawauza kuti tikupita kuchipatala ndi zala za apongozi.
Masana Bacar wabwera kudzameta, kamwana kake kakakazi kali pamwendo, kakudya nzimbe. Ndamumeta bwinobwino, ndamupaka mafuta. "Tionana mawa ku mapemphero a Juma, Abudo." Ndati Mulungu akalola.
Mwezi wonse ndakhala ndikutukwana amantha m'buku lino.