Banjo ya Chitini cha Saladi

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha ku Kalingalinga, koma mtima uli m'malo.

Sabata yachitatu palibe wogula mipando yanga, choncho ndamaliza banjo ya chitini cha saladi, mafuta ophikira aja, ndi mawaya a buleki ya njinga. Timisomali topingasa, pomwe zala zimapanikiza, ndinatiika motalikirana mofanana ngati matabwa a bedi. Nditailiza, inalira ngati mbuzi.

Ba Tembo a nyumba yoyandikana, omwe ankaimba m'mabala ku Matero, anaseka. "Ba kalipentala, iyi si bedi. Pimani na khutu, osati na tepi."

Ndazula tonse, ndaikanso kamodzikamodzi ndikumvetsera. Madzulo ano nyimbo imodzi yatuluka yonse. Akazi anga, amene dzulo anandikalipira chifukwa chinali chitini chawo chotungira madzi, ndawamva akuivomera pa mbaula. Chitinicho sanachitchulenso.