Zimene Tinakanena za Malole a Asidi

Amayi, kumene muliko mukukhala bwanji? Miyendo ija inasiya kuwawa? Ndine Esinati wanu. Ndikulemba ndili kuno ku Kabwata, mu Lusaka. Ana apita kusukulu, koma ine lero ndapempha kuti ndisakaphunzitse, mutu sukugwira.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Beatrice, mkazi wa achimwene ba Lameki, anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Anamupatsa dzina lanu, Felesiya. Ali ndi mphumi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amakwinya pamene inu munkakwinya. Atate amamunyamula tsiku lonse makolo ake akabwera naye kunyumba kwanu ku Chelstone, koma dzinalo satha kulitchula. Amangoti "kamwana".

Kadimba kanu ka kuseri kwa nyumba Atate anayesa kukalima okha. Chimanga anadzala mochedwa, sichinabereke kwenikweni. Mapeyala okha ndiwo anachuluka mpaka nthambi imodzi inathyoka. Madzi akuvutabe kumpopi, malaiti nawo ndi momwemo. Atate aonda. Ndikawatengera chakudya amati adya kale, koma mapoto ndimawapeza ali ouma.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Pa wailesi analengeza kuti boma likufuna kukonza malamulo a malole onyamula zinthu zoopsa, monga petulo, gasi ndi asidi wopita kumigodi, ndipo aliyense wokhala ndi maganizo apite akanene. Atate atamva anatseka wailesi. Patapita kanthawi anandiimbira foni, nati, "Ine sindingathe. Pita iwe."

Za tsiku lija zina mukuzidziwa, zina tinazimva inu mutapita. Munakwera minibasi m'mawa kupita ku City Market kukagula chitenge choberekera mdzukulu amene tinkamuyembekezera. Chilole cha thanki chinaduka mabuleki pamtsetse, chinakhula minibasi yanu m'mbali n'kugubuduka. Inu munatuluka ndi kabala kakang'ono pamphumi basi. Mukanaima pambali, bwenzi lero tikudya nanu mapeyala. Koma munaona mtsikana atagwera mu ngalande, ndipo unesi wanu wa zaka zonse zija unakudzutsani. Munalowa m'zimene munkayesa madzi, mpaka m'mawondo, n'kumukoka. Si paja munkati, "Munthu akagwa sufunsa dzina lake, umayamba wamudzutsa."

Palibe amene ankadziwa kuti anali asidi. Zikwangwani za pathankipo zinali zofufutika, zina zitaphimbika ndi matope. Dalaivala anali atakomoka. Ozimitsa moto atafika anataya nthawi kufunsana kuti chatayikacho n'chiyani, ndipo nambala ya kampani imene inalembedwa pachitseko inkangolira yokha. Munakhala masiku anayi m'chipatala. Za miyendo yanu simunandifunse ngakhale kamodzi. Munkangoti, "Mtsikana uja wapulumuka?" Anapulumuka, Amayi. Dzina lake ndi Mutinta. Amabwera masiku ena Lamlungu kudzachapira Atate, ndipo amalira kuposa ife.

Ndisanapite kumsonkhanoko ndinakangana ndi ba Lameki. Ndinawauza kuti tipite limodzi, popeza iwo amayendetsa thanki ya petulo ndipo akudziwa zam'kati. Anakana. Anati ali ndi khanda m'nyumba, ndipo mabwana awo adzakhala komweko. Ine ndinawayankha mawu oipa. Ndinati akusankha chiwongolero kusiya mayi wawo. Milungu iwiri sitinalankhulane.

Msonkhano unali mu holo ina m'tauni. Kutsogolo kunadzaza anthu a masuti ochokera m'makampani, ife wamba tinali ochepa, kumbuyo. Analankhula Chingerezi chokhachokha m'mawa wonse, za misonkho, za ziphaso, za kuchedwa kwa katundu pamalire. Ine ndinali nditalemba mawu anga papepala, m'Chingerezi chomwecho. Nthawi yanga itafika anandipatsa chimkuzamawu. Ndinapinda pepalalo n'kuyamba kulankhula Chinyanja, ngati mmene ndikulankhulira ndi inu pano.

Ndinawauza za inu. Kenako ndinati thanki iliyonse ikhale ndi chithunzi chachikulu choti ngakhale mayi wogulitsa tomato, amene sanapite kusukulu, achione ali patali n'kudziwa kuti apa sayandikira. Ndinati malole amenewa asamadutse pakati pa tauni nthawi imene anthu akupita kuntchito ndi kusukulu. Ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani mabuleki sawayesa lole isanalowe mu Lusaka, nanga nambala yolembedwa pachitseko ili ndi ntchito yanji ngati palibe woyankha. Ndinali ndi zinanso, za ozimitsa moto ndi zovala zawo, koma ndinalephera kupitiriza, ndinangokhala pansi.

Bambo wina wa kampani anaimirira, nandipepesa mwaulemu ndithu. Kenako anati ngozi ndi ngozi, palibe lamulo lingailetse, ndipo madalaivala awo onse ndi ophunzitsidwa bwino.

Apo ndi pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga. Anali ba Lameki, ali mu ovolosi ya kuntchito. Sindinaone pamene analowera. Sanadikire chimkuzamawu. Anati, "Ine ndine dalaivala wa thanki, ndipo amene wamukamba mlongo wangayu ndi mayi wanga. Pepala la maphunziro ndili nalo m'thumba muno, koma m'kalasi sindinalowemo, anangondipatsa chabe. Mabuleki ndinawadandaula katatu, anandiuza kuti pita, tidzakonza ukabwela. Tikafuna kugona panjira, foni imalila kuti uli kuti. Manje mukuti ngozi ndi ngozi? Lole inapha amayi ikanatha kukhala yanga."

A boma amene anaitanitsa msonkhanowo ankalemba mofulumira. Ba Lameki anakhala pansi, nabisa nkhope m'chipewa. Chimwalirireni inu ndinali ndisanawaone akulira, ngakhale kumanda.

Sabata yotsatira mabwana awo anawauza kuti abweze makiyi. Chifukwa chake sanawauze, ndipo makampani ena awiri kumene anakafunsa ntchito anawabweza pageti. Pano ali pakhomo, akulera Felesiya. Beatrice amandipatsa moni wa pakamwa pokha, ndipo sindimuimba mlandu. Ine ndi amene ndinawakankha achimwene. Ndikawapepesa amati ndisiye, akuti tsopano akugona tulo. Koma ndikaona khanda lija mtima umandiluma. Mukanakhalapo mukanandiuza ngati ndinachita bwino kapena ndinalakwa, ndipo mukananena mosapita m'mbali.

Malamulo sanasinthebe. Anati maganizo onse akawaunika, ndipo wofuna kuwonjezera alembe kalata. Malole akudutsabe momwemo. Ndikamva imodzi ikubwera ndimagwira ana mwamphamvu mpaka mdzukulu wanu Tamara amati ndikumupweteka. Pamtsetse paja sindinadutsepobe, ndimazungulira njira ina ngakhale ndichedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauze aliyense. Anthu kutchalitchi amati munafa imfa ya ulemu, ndipo ine ndimavomera ndi mutu. Koma mumtima ndinakukwiyirani, Amayi. Ngakhale malamulo onse atasintha mawa, ine ndikanakonda mukanangoima pambali pa msewu ngati anthu ena onse aja. Ndikudziwa kuti mungandikalipire chifukwa cha mawu amenewa. Ndikalipireni, bola ndimve mawu anu.

Loweruka tidzakhala pansi ndi ba Lameki kulemba kalata ija, zonse zimene ndinalephera kumaliza tidzaikamo. Atate apempha kuti nawonso asaine. Ndikukulonjezani kuti akaitananso anthu ndidzapita, ndipo achimwene sindiwasiya okha mpaka atapeza pogwira.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Mwana wanu,
Esinati