Chibaluni chomaliza cha Adadi

07:02 Adadi: Chanyamuka. 7 koloko ndendende, ngati masiku onse.

07:02 Ine: kamera yayaka adadi? kanyali kofiira mwakaona?

07:04 Adadi: Yayaka. Bokosi lanu la kameralo ndalimanga pansi pa kachipangizo ka ofesi koyezera nyengo, mfundo ziwiri. Abwana angoti, "Ndi tsiku lanu lomaliza pantchito, ine sindinaone kanthu."

07:05 Amunanga: apongozi kamera imeneyo ndi yojambulira maukwati, ibwere yamoyo plz

07:08 Adadi: Akamwini, mtima m'malo. Zaka 34 pano pa zanyengo ndakhala ndikuulutsa chibaluni m'mawa uliwonse, kuyeza mphepo ndi kuzizira kwa kumwamba. Ine ndimangolandira manambala. Zimene chimaona chikafika kumeneko sindinazionepo.

07:09 Ine: lero muziona adadi. app ikuti chiphulika 8:40 pa 30 km, kenako kaambulera katsitsa bokosi pafupi ndi damu, kum'mawa. ife tili pa damupo kale, tikumwa tiyi

08:41 Ine: chaphulika?

08:42 Adadi: Ayi. Chili pa 18 km.

08:42 Ine: 18?? app ikuti 30

08:43 Adadi: App yakoyo sinagwirepo chibaluni.

08:44 Ine: chikukwera mamita angati pa sekondi

08:51 Ine: adadi

08:58 Ine: mwawerenga, ndikuona ma tick a blue

09:03 Adadi: Atatu.

09:03 Ine: chimayenera asanu! ndinakulemberani papepala kt muwonjezere gasi chfkwa bokosi likulemera

09:09 Adadi: Pepalalo ndalipeza. Linali m'thumba la shati.

09:10 Adadi: Ndathira gasi wa masiku onse, wongokwanira kachipangizo ka ofesi. Dzanja latseka lokha pomwe limatsekera. Silinandifunse.

09:11 Amunanga: eish. ndye kamera yanga ili kuti

09:13 Adadi: Ili paulendo. Chibaluni chosakhuta chimakwera mwaulesi, chimachedwa kuphulika, ndipo mphepo imapita nacho kutali. Chokanipo pa damupo.

09:14 Ine: tipite kuti? app yangoti zii, ikungozungulira

09:17 Adadi: Ndatsitsa mapu a pakhoma. Rula ndi pensulo ndili nazo. Mwezi uno mphepo ya pamwamba pa 24 km imawombera kumadzulo, ndipo imathamanga. Lowani msewu wa kumadzulo.

09:17 Ine: adadi kumadzulo ndi komwe tachokera!! chibaluni chidakali kum'mawa

09:18 Adadi: Chibwerera. Chidutsa pamutu pa ofesi ino. Yendetsani galimoto.

09:21 Amunanga: (mawu, 0:13) apongozi, ine ndatembenuza kale. mwana wanuyu akundiyang'ana ngati ndamuthawitsa, koma ine nditsata inu. mwalakwitsa kamodzi lero, kawiri simungatero.

09:49 Adadi: 30 km. Chadutsa pamutu panga. Chikuthamangira kumadzulo.

09:50 Ine: ok

09:50 Adadi: "Ok" basi?

09:51 Ine: ok munanena zoona. osazolowera kkk

09:53 Adadi: Akamwini, pa 17 km panali kuzizira kwa 78 pansi pa ziro. Batire yanu ipirira?

09:55 Amunanga: (mawu, 0:08) ndinaikulunga m'masokosi atatu, apongozi. ochapa. enawo ndi a mwana wanu, sakudziwa.

09:55 Ine: ndili pompano ndikumva

10:07 Adadi: Chaphulika. Mamita 33,600. Pa zonse ndinaulutsapo, palibe chinafika pamenepo.

10:08 Ine: musayambe kunyadira kulakwitsa adadi

10:44 Adadi: Kachipangizo kasiya kulankhula pa 2 km, kalowa kuseri kwa mapiri. Kuyambira apa ndi pensulo.

10:58 Adadi: Mverani. Mukawoloka mlatho wachitsulo, khotani kumanja, msewu wafumbi, makilomita 9. Mapu akuti pali nkhalango ya bulugama. Bokosi lili pakati pa msewuwo ndi mtsinje.

10:59 Adadi: Ndipo musaime kugula zinthu m'njira. Mvula ifika 2 koloko. Bokosi lija lili ndi bowo la kamera, madzi alowa.

11:01 Ine: kunotu dzuwa likuswa mtengo, mvula yake iti

11:02 Adadi: Chibalunicho chandiuza pokwera. Chinyezi chadzaza mpaka 6 km. 2 koloko.

12:47 Ine: mlatho tawoloka. msewu wanuwu pa mapu ndi msewu, pano ndi mtsinje wouma. netiweki ikubwera ikupita

13:16 Ine: tafika. adadi mitengo ndi yambirimbiri, yonse yofanana

13:18 Adadi: Yang'anani m'mwamba, osati pansi. Kaambulera ndi kofiira, kamakodwa. Yambirani kumtsinje, mphepo ya pansi inkakankhira uko.

13:39 Ine: palibe. tafunsa amayi ena otola nkhuni, akuti sanaone kanthu. kumpoto kwada bii

13:41 Adadi: Pitani mamita 500 kutsikira ndi mtsinje. Ndabwereza masamu kawiri.

13:52 Ine: (mawu, 0:11) adadi! adadiii! icho! chili pamwamba penipeni, chikulendewera! inu vulani nsapato kaye! adadi, amunanga akukwera, akukwera mumtengo!

13:53 Adadi: Akamwini, nthambi ya bulugama siidalirika. Pondani pafupi ndi thunthu.

13:58 Ine: madontho ayamba

14:04 Adadi: Akamwini atsika?

14:11 Adadi: Ndakuimbirani nonse, sizikulowa.

14:26 Adadi: Kuno anzanga andikonzera phwando lotsanzikana. Akundidikira kuti ndilankhule. Ndawauza ayambe kudya.

14:40 Adadi: Kamerayo isiyeni ngati kukuterera. Nditumizireni liwu limodzi lokha.

14:52 Adadi: Akamwini, wolakwa ndine. Ndikanawerenga pepala lija mukanakhala kunyumba kalekale. Mundikhululukire.

15:09 Amunanga: (mawu, 0:19) apongozi tili bwinobwino, netiweki inathawa ndi mvula. ndanyowa mpaka m'kati, buluku lang'ambika malo osatchulika, koma bokosi ndinaliika m'malaya. kamera ndi youma. yajambula zithunzi 2,000 ndi kanthu. dikirani mwana wanu asankhe, akulira uku akuseka.

15:10 Adadi: Zikomo Ambuye.

15:14 Ine: (chithunzi) pa 3 km. kadontho koyerako ndi denga la ofesi yanu

15:14 Ine: (chithunzi) pa 12 km. mitambo yonse yatsala pansi

15:16 Ine: (chithunzi) ichi ndi cha 10:06, kutatsala mphindi imodzi kt chiphulike

15:19 Adadi: Theka la pamwamba ndi lakuda. Kamera inazima?

15:20 Amunanga: sinazime apongozi. thambo ndilo limenelo, 10 koloko m'mawa. onani pansipo, dziko lapindika

15:22 Adadi: Nanga kamzere kabuluu kali pakatipo?

15:23 Ine: ndi mpweya adadi

15:23 Adadi: Mbali yake iti?

15:24 Ine: wonse. mphepo, mvula, mitambo, umene tikupumawu. zonse munkalemba m'mabuku aja zili m'kamzereko

15:31 Adadi: Ndinkaphunzitsa atsopano kuti ndi wochepa. Manambala ake ndimawadziwa pamtima. Koma sindinkadziwa kuti ndi wopyapyala chonchi.

15:32 Ine: muli bho? ndiimbe?

15:40 Ine: adadi phwando lija akukudikiranitu

15:47 Ine: adadi?

15:58 Adadi: Usaimbe kaye mwanawe. Ndikuona.