Mwala Wofiira wa Sónia

Mandimba, 1994

Achimwene Ivo,

Moni inu a ku Cuba. Kuno kumabwinja tili bwino, denga lokha ndiye palibe.

Zikomo potumiza kabuku kophunzitsa mitundu ya utoto m'Chisipanishi. Ife timayembekezera malata, koma si kanthu, tifolera kabukuko. Mwana wanu Sónia ndi dotolo tsopano, nthochi yakupsa akuti amarillo.

Dzulo anabwera atanyamula mwala wopakidwa utoto, akusekerera: "Azakhali, rojo!" Achimwene, miyala yofiirayo anaindanda ochotsa mabomba panjira ya ku Ngauma, kusonyeza posaponda. Iye anakautola yekha m'tchire. Miyendo ilipo yonse iwiri, lero.

Mulibe manyazi? Mtundu umenewu bwerani mudzamuphunzitse nokha. Bambo ake ndinu.

Ndine mlongo wanu,
Ermelinda