Ndinathira feteleza m'ndere za mkazi wanga mobisa

Aphungu,

Mkazi wanga amalima ndere zodyedwa, zobiriwira zija, m'mabafa asanu kuseri kwa nyumba. Akakolola amasefa pansalu, n'kuyanika, n'kupera ufa umene anthu amasakaniza m'zakudya. Poyamba ankamuseka kuti akuweta madzi owola, lero omwewo ndi amene akugogoda pageti. Mayi ameneyu ndimamunyadira zedi.

Koma ndamulakwira. Kukatsala sabata kuti akolole, amachepetsa chakudya cha nderezo n'kudonthezamo mchere wina wofunika m'thupi wotchedwa seleniyamu. Ine ndine mlimi wa kabichi, ndiye kuona mbewu ikumanidwa chakudya mtima unandiwawa. Iye atapita kukazonda mayi ake, ndinawaza feteleza wanga wodzaza dzanja m'bafa lililonse. Zinabiriwira bwino mpaka ndinadzitama chamumtima.

Atatumiza ufawo kokayezetsa, seleniyamu anapezeka wochepa kwambiri. Wabwereza masamu ake a miyezo kangapo, ndipo dzulo anati, "Bambo a mwana, kapena mutu wangawu wayamba kutha. Ndingozisiya." Ndikuopa kuulula. Nditani?

D.K.B.

Bambo D.K.B.,

Muli ndi mkazi wodziwa ntchito yake, ndipo ine ndamuvulira chipewa. Sankazimana chakudya nderezo chifukwa cha nkhanza ayi. Feteleza wambiri wakumunda amakhala ndi michere ya salufa kapena fosifolasi, ndipo zimenezi zimalimbirana khomo ndi seleniyamu polowa m'ndere. Zikachuluka, seleniyamu amangotsala m'madzi. Ndere zanuzo zinanenepa, koma zinatuluka chimanjamanja. Bafa si dimba la kabichi, bambo.

Muuzeni lero, thumba la fetelezayo lili m'manja kuti awerenge yekha zimene zilimo. Mutchule tsiku, ndiponso kuti munathira wochuluka bwanji. Munthu wosamala ngati ameneyu adzadziwa pomwepo kuti masamu ake anali olondola. Ufa umenewo asapatse munthu mpaka oyeza atsimikize kuti ndi wabwino, poti feteleza wakumunda sanapangidwire zolowa m'kamwa. Mabafawo mutsuke ndinu, iye akuyang'anira.

Ndikuchenjezeni: musayese kukonza zinthu mobisanso powonjezera seleniyamu. Akapitirira muyezo amapha ndere, ndipo amadwalitsa anthu.

Mkazi wanu adzakukalipirani, mwina masiku atatu osakulankhulani, ndipo mupirire. Ufa wina adzapera mwezi wamawa. Koma akakhuthula mabafawo akukhulupirira kuti mutu wake watha, mudzakhala mutamulanda ntchito yake pongokhala chete.

Phungu