Nkhanga ya Mlomo Wokhota

Mkanda,
Mchinji.
14 Disembala 1998

Okondedwa achimwene a Alfred,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chipatako pamodzi ndi alamu a Stelia ndi ana. Kuno tadzuka, mvula ikugwa bwino. Moni weniweni ndipereka kumapeto, chifukwa mukundidziwa, nkhani ikandikhala pakhosi sinditha kuzungulira.

Lata langa lija lili kuti?

Musayambe kukanda kumutu. Ndikunena lata lomwe ndinaboola chithunzi cha nkhanga chaka chatha, pamene a bungwe la boma logulitsa mbewu anandipatsa ntchito yokonza chodindira matumba pa depoti yawo ya kuno. Tchizulo inanditerereka, mlomo wa nkhanga n'kukhota. Analikana, ndinaboola lina, lokhotalo n'kuliponya kuseri kwa chitseko. Inu mutabwera ku ukwati wa mlongo wathu Luwiza munalinyamula pa njinga, amvekere, "Goliati, ndikatsekere bowo pa khola la nkhuku." Ndinakupatsani ndi manja awiri.

Lachitatu lapitali ndikulemba chikwangwani cha butchala, panaima galimoto ya bungwe lija. M'galimotomo munatuluka mayi wina wa magalasi, a Tamara, ochokera ku likulu lawo, ndi wapolisi kumbuyo. Anayala thumba lopanda kanthu pa benchi panga.

"Bambo, chizindikiro ichi mukuchidziwa?"

"Nkhanga ndani saidziwa? Ndiwo imeneyo."

"Nkhanga iyi si ndiwo. Bungwe linailembetsa ku boma, ku Blantyre. Ndi yathu. Woidinda popanda chilolezo ndi wakuba, ngakhale utoto ndi thumba zikhale zake."

"Mwalembetsa nkhanga ngati mwana wa sukulu? Nanga za m'tchire za kwa Mavwere, nazo zili ndi nambala?"

Wapolisi anaseka, mayiwo ayi. Anati matumba otere adzaza pa msika wa Mkanda mpaka kwa Mlonyeni, ndipo akulowera ku boda. M'kati mwake si mbewu, ndi chimanga cha m'nkhokwe chofumbwa, chongopakidwa utoto wobiriwira. Anati alimi sawerenga dzina la bungwe, amayang'ana mbalameyo basi, ndiye wakuba mbalame wabera mlimi chaka chonse.

Ndinayang'ana thumba lija, achimwene. Mlomo wokhota. Dzanja langa ndimalidziwa ngati nkhope ya mwana wanga. Kulemba zikwangwani sindinaphunzire pa sukulu ya munthu, ndinayambira makala pa khoma la tchalitchi, ndipo m'boma lonse la Mchinji mulibe wina amene amakhotetsa nkhanga chonchija.

Anandifunsa kuti lata lolakwika ndinalitani. Ine amene ndimatchuka kuti sindimeza mawu, ndinati, "Ndikafufuza." Dzina lanu linafika pa lilime n'kubwerera. Andiuza kuti ndikaonekere ku boma Lolemba likudzali ndi latalo m'manja. Ndikapita chimanjamanja, wodinda matumba ndine, ndipo nkhani ipita ku khoti. Kuchoka apo ndani adzandipatsenso khoma lake? Wa butchala uja wayamba kale kunena kuti chikwangwani chidikire kaye.

Sindikuti ndinu. Ndikungofunsa. Nkhuku munayambanso kuweta liti, poti alamu anandiuza pa ukwati pomwe paja kuti zonse zinatha ndi chitopa? Kachitini kanga ka utoto wobiriwira kanasowa sabata yomweyo, ndinakalipira mkazi wanga mpaka anakagona kwawo. Ndipo a Caleb, oyendetsa lole ya ku boda amene akupatsireni kalatayi, akuti masiku ano mumatseka chitseko cha kuseri masana, ndi kuti zikhadabo zanu zabiriwira ngati mwatola ntchito yanga. Mwina mukupaka mawindo. Ngati ndi choncho nyumbayo ili ndi mawindo ambiri.

Mwinanso latalo munabwereka munthu. Mwina anakuberani. Ndayesa kukuganizirani njira zonse, ndipo ndikupempha Mulungu kuti imodzi ikhale yoona.

Koma chimene chandiwawa si khoti. Amayi athu anapita okha pa msika mvula isanagwe. Wogulitsa anawaonetsa matumba a mitundumitundu, iwo n'kuloza la nkhanga. Akuti anauza anthu onse pamenepo, "Iyi anajambula ndi mwana wanga Goliati, singandinamize." Anadzala munda wonse wa kumtunda. Dzulo ndinapitako. Mizere ili mbee, apa kamera kamodzi, uko kamodzi, ngati mano a nkhalamba. Ndinawapeza akufukula phando ndi chala, akutulutsa njere zowola, zobiriwirabe.

"Kaya ndi mbewa, mwanawe?"

"Ndi mbewa, amayi."

Bodza lachiwiri limenelo sabata imodzi, ndipo onse awiri ndanamira inu. Bodza lachitatu sindinena.

Choncho chitani izi. A Caleb abwerera Loweruka. Apatseni latalo. Likabwera la dzimbiri, la zitosi za nkhuku, ndidzakwera njinga mpaka ku Chipata kudzagwada pakhomo panu, ndipo mudzanditukwane pamaso pa ana. Likabwera lonunkha utoto, ndidzalinyamulabe kupita nalo ku boma, koma mudzayende nane, mukafotokoze nokha. Musalitsuke, musalikweche ndi mchenga. Utoto ndi ntchito yanga, ndidzaona. Likapanda kubwera, Lolemba akandifunsanso ndidzayankha.

Tsopano moni. Mundiperekere kwa alamu a Stelia, muwauze kuti sindinawakwiyire. Ana muwapsompsone, makamaka Chikumbutso amene amati akakula adzajambula ngati ine. Luwiza ndi mwamuna wake akupereka moni. Amayi ali pompano pa khonde, sakudziwa zomwe ndalemba. Akuti muvale zotentha mukamayenda m'mvula, akukupemphererani tsiku lililonse. Akutinso, poti inu mumadziwa za malonda, muwapezereko kambewu kabwino ka ku Zambiako kobwerezera, nthawi isanathe. Ati ka nkhanga kakapezeka, kakhale komweko.

Ndine mng'ono wanu wa bere limodzi,
Goliati