Kuima ndi Mwendo Umodzi ku Woodlands

Lolemba, 3 Juni 2024
BP yakweranso. Nesi akuti ndichepetse mchere ndi kukalipa. Mchere ndingathe. Koma pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ukapanda kukuwa, anthu amakwera basi ya ena. Chibesa, mnzanga wogulitsa naye matikiti, akuti ndikayese tai chi ku Woodlands. Ati ndi nkhonya za ku China, koma sumenya munthu. Nanga ndi nkhonya zanji?

Loweruka, 8 Juni
Ndapita, kuzizira konseku. Aphunzitsi ndi ba Virginia, mayi wa imvi, anaphunzira ali pasukulu ku China. Manja pang'onopang'ono ngati tikuyenda m'madzi. Ndimafuna kuseka. Poima ndi mwendo umodzi ndinadzandira.
Iwo: "Ba Nsofwa, mutu wanu uli kuti manje?"
Unali kunyumba ku Kabwata, pa mwana wanga Tanya, amene masiku ano amangodzitsekera kuchipinda. Adziwa bwanji?

Lamulungu, 9 Juni
Ntchafu kuwawa! Chinthu chochedwa chonchija?

Lachitatu, 12 Juni
Ndayesa kuima ndi mwendo umodzi kukhitchini. Ndikamamvetsera mpweya wanga, ndikuima bwinobwino. Ndikangokumbukira kondakitala amene ananditukwana dzulo, phazi pansi. Ndabwereza dala kuti ndione. Chimodzimodzi. Kodi mkwiyo umalemera mbali imodzi?

Loweruka, 15 Juni
Lero awiriawiri, mikono yogundana, wina akankhe mnzake. Ba Virginia atangondikhudza ndinalimba thupi lonse n'kubwezera. Ndinapezeka ndili pa udzu.
"Muyankha mukalibe kumvela," anatero. "Mvelani kwanja yanga poyamba, iyenda kuti."
Kachiwiri ndinadikira. Ndinalimvadi dzanja likubwera, ndinangopotoloka m'chiuno, linadutsa lokha. Mtima phee. Sindikumvetsabe, koma ndakonda.

Lamulungu, 16 Juni
Titabwera kutchalitchi, Tanya anaima pakhomo la khitchini, nsapato ali nazo m'manja.
"Mami, ninasiya kosi ya unesi. Kuchokela Epulo siniyenda. Nikaona magazi nikomoka."
Epulo! Ine ndikumudzutsa m'mawa uliwonse, yunifomu yosita! Kutentha kunakwera m'khosi, mapewa anafika m'makutu, mawu anali kale pakamwa. Ndinawamva akubwera. Ndinatsitsa mapewa, ndinapuma, ndinapumanso.
Iye anali atatsinzina kale, kudikira phokoso.
Ndinamukokera mpando.
"Nkhala pansi. Yambila pa Epulo."
Anatsegula diso limodzi.